Funso likati "show that" mu coordinate geometry, yambani ndi chimene mukufuna kutsimikiza

Wophunzira wina wa Fomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE wandilembera kalata ya pa imelo. Akuti fomula zonse za coordinate geometry amazidziwa pamtima, ndipo akapatsidwa funso lofuna gradient yokha kapena utali wa mzere amalikhoza mosavuta, koma funso likakhala la magawo atatu kapena anayi, lokhala ndi mawu akuti "show that" kapena "prove that", mutu umaima. Amawerengetsa zinthu zambiri, pepala limadzaza, koma mamalikisi amabwera ochepa. Akufunsa chimene chikusowa.

Yankho langa kwa inu ndi lakuti vuto lanu silili pa fomula. Mukuyamba kuwerengetsa musanasankhe chimene mukufuna kutsimikiza, ndipo mukumaliza osanena tanthauzo la manambala amene mwapeza. Fomula za mutu umenewu ndi zochepa kwambiri: ya gradient, ya utali wa mzere, ya midpoint ndi ya equation ya mzere. Iliyonse imayankha funso lake. Gradient imanena ngati mizere iwiri ili parallel, pamene ma gradient ake ali ofanana, kapena ngati ikukumana pa ngodya ya madigiri 90, pamene kuchulukitsa ma gradient awiriwo kukupereka -1. Utali umanena ngati mbali zili zofanana. Midpoint imanena ngati mizere iwiri ikudulana pakati penipeni. Choncho musanagwire calculator, dzifunseni kuti chinthu chimene chatchulidwa m'funsomo chimadziwika ndi zizindikiro ziti, ndipo ndi fomula iti imene ingaonetse chizindikiro chilichonse.

Tiyeni titenge funso limodzi ndi kuliyenda lonse. Mwapatsidwa mapoyinti A(1, 1), B(5, 3) ndi C(3, 7). Gawo loyamba likuti muonetse kuti ngodya ABC ndi ya madigiri 90. Lachiwiri likuti mupeze poyinti D kuti ABCD ikhale parallelogram. Lachitatu likuti mutsimikize kuti ABCD ndi sikweya.

Jambulani kaye chithunzi, ngakhale cha pamanja chopanda rula. Sichitenga mphindi yathunthu, koma chimakuuzani kuti D ayenera kukhala kumanzere, chakumtunda kwa A, ndipo mukadzapeza yankho limene lili kumanja mudzadziwa nthawi yomweyo kuti penapake palakwika. Chithunzicho ndi chokutsogolerani chabe. Simungalembe kuti ngodyayo ikuoneka kuti ndi ya madigiri 90 n'kuyembekezera malikisi.

Pa gawo loyamba, chilembo chapakati, B, ndiye pamene pali ngodya, choncho mizere yofunika ndi AB ndi BC. Gradient ya AB ndi (3 − 1) ÷ (5 − 1) = 1/2, ndipo ya BC ndi (7 − 3) ÷ (3 − 5) = −2. Ophunzira ambiri amaimira pomwepa, poganiza kuti wochonga adziwonera yekha. Lembani mizere iwiri yotsalayo: 1/2 × −2 = −1, kotero AB ndi perpendicular kwa BC, ndipo ngodya ABC ndi ya madigiri 90. Wochonga amapereka mamalikisi pa njira ndi pa chiganizo chomaliza, ndipo sangakupatseni malikisi pa mfundo imene yatsalira m'mutu mwanu.

Gawo lachiwiri ndi pamene ana ambiri amatayika, ndipo chifukwa chake n'chakuti sasamala ndondomeko ya zilembo. ABCD amatanthauza kuti mukuzungulira kuchoka pa A kupita pa B, pa C, pa D, n'kubwerera pa A. Ma diagonal ake ndi AC ndi BD. Popeza ma diagonal a parallelogram amadulana pakati, midpoint ya AC, imene ndi (2, 4), iyenera kukhalanso midpoint ya BD. Tikati D ndi (x, y), ndiye kuti (5 + x) ÷ 2 = 2 ndipo (3 + y) ÷ 2 = 4, zimene zikupereka D(−1, 5). Amene wasokoneza zilembo n'kutenga BC ngati diagonal apeza (7, 9), imene imapangadi parallelogram, koma ya ABDC, yosiyana ndi imene yafunsidwa.

Pa gawo lachitatu ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa apa m'pamene pamaonekera amene wamvetsa. Simukuyenera kuyambiranso. Mafunso a magawo amakonzedwa mwadala kuti gawo lililonse likhale makwerero a lotsatira, makamaka mukaona mawu akuti "hence", otanthauza kuti mugwiritse ntchito zimene mwapeza kale. Muli kale ndi parallelogram kuchokera ku gawo lachiwiri, ndiponso ngodya imodzi ya madigiri 90 kuchokera ku gawo loyamba. Ziwirizi pamodzi zikupanga rectangle. Chotsala n'chimodzi chokha, kuonetsa kuti mbali ziwiri zoyandikana n'zofanana. AB = √(16 + 4) = √20, ndipo BC = √(4 + 16) = √20. Kenako lembani chiganizo chokwanira: ABCD ndi parallelogram yokhala ndi ngodya ya madigiri 90 ndi mbali zoyandikana zofanana, choncho ndi sikweya. Siyani √20 momwemo osaisandutsa 4.47, pakuti manambala awiri odulidwa akhoza kuoneka ofanana pamene sali ofanana kwenikweni, ndipo umboni sufuna zoyerekeza.

Cholakwa chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndikamachiona ndi cha mwana amene wawerengetsa bwinobwino mbali zonse zinayi, wapeza kuti n'zofanana, n'kulemba kuti ndi sikweya. Ntchito wagwira, koma umboni sunakwane. Taonani mapoyinti (0, 2), (3, 0), (0, −2) ndi (−3, 0): mbali iliyonse ndi √13, koma diagonal imodzi ndi 4 ndipo inayo ndi 6. Imeneyi ndi rhombus. Amisiri omanga nyumba amazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake akayeza mbali zinayi za maziko amakokanso chingwe modutsa kuchoka pa kona kufika pa kona inzake, kuti aone ngati mitanda iwiriyo ikufanana. Inunso mukaonetsa mbali zofanana, onjezani ngodya ya madigiri 90 kapena ma diagonal ofanana.

Pali misampha ina iwiri yofunika kuitchula mwachidule. Mzere woimirira, umene mapoyinti ake ali ndi x mmodzi, ulibe gradient yowerengeka chifukwa mukugawa ndi ziro; musalembe kuti ndi 0, ndipo lamulo la −1 siligwira ntchito pamenepo. Ngati mzere winawo ndi wogona, nenani kuti mzere wina ndi woimirira, wina ndi wogona, motero ikukumana pa madigiri 90. Wachiwiri ndi wogwiritsa ntchito chimene mwafunsidwa kutsimikiza ngati kuti n'chodziwika kale. Mukalemba kuti "popeza ABCD ndi sikweya" pa chiyambi cha yankho la gawo lachitatu, zonse zotsatira sizikuwerengedwa ngati umboni.

Nthawi zina, makamaka kwa amene mumatenga Additional Mathematics, funso limabwera lopanda manambala, lofuna kutsimikiza mfundo ya triangle iliyonse. Nzeru imeneyi yosandutsa zojambula kukhala algebra ndi imene René Descartes anafalitsa m'chaka cha 1637, ndipo ubwino wake ndi wakuti mumasankha nokha poika chojambulacho. Tinene kuti mukufuna kutsimikiza kuti mzere wolumikiza midpoint za mbali ziwiri za triangle ndi parallel kwa mbali yotsalayo, ndipo utali wake ndi theka la mbaliyo. Ikani kona imodzi pa (0, 0), ina pa (2a, 0), yachitatu pa (2b, 2c). Ma 2 amenewa ndi oti midpoint isabwere ndi fraction. Midpoint za mbali ziwiri zokumana pa kona yachitatu ndi (b, c) ndi (a + b, c). Zonse zili ndi y wofanana, choncho mzere wozilumikiza ndi parallel kwa mbali ya pansi, ndipo utali wake ndi a, theka la 2a. Umboni wonse watha m'mizere inayi.

Mukakanika gawo limodzi pa mayeso, musalisiye funso lonse. Chimene gawo loyamba linati muonetse mukhoza kuchigwiritsa ntchito m'magawo otsatira ngakhale simunathe kuchitsimikiza, popeza funso lenilenilo lakupatsani.

Yesani ili usiku uno: P(0, 1), Q(4, 3), R(3, 5) ndi S(−1, 3). Tsimikizani kuti PQRS ndi rectangle, kenako onetsani kuti si sikweya. Musanawerengetse chilichonse, lembani m'mbali mwa pepala zizindikiro zimene mukufuna kuonetsa ndi fomula ya chilichonse, ndipo mukamaliza munditumizire yankho lonse pamodzi ndi ziganizo zake kuti ndione pamene pakufunikabe kukonza.