Za Ned Stark: nkhwali ija inafa yokha

Achemwali, mwafunsa ngati Ned Stark wa m'buku la A Game of Thrones anali wolungama kapena wopusa, ndipo ndaona ambiri akuyankhani kuti chifundo chinapha nkhwali. Ine mwambiwu ndikuukana. Nkhwali ija inafa yokha, pomwe Ned anakokera kumanda anthu amene sanawafunse n'komwe maganizo awo.

Bukuli George R. R. Martin analitulutsa mu 1996, ndipo ine ndaliwerenga kawiri. Ulendo woyamba ndinamulirira Ned. Ulendo wachiwiri maso anga anali pa anthu amene anachoka naye kwawo ku Winterfell kupita ku likulu kukakhala nduna yaikulu ya mfumu, ndipo mtima unayamba kundiwawa mwa mtundu wina.

Taonani zimene anachita atazindikira kuti Joffrey, amene ankayembekezeka kulowa ufumu, si mwana wa mfumu Robert. Anaitana Cersei, mkazi wa mfumu komanso mayi wa mwanayo, n'kumuuza poyera kuti akudziwa zonse, athawe ndi ana ake mfumu isanabwerere kosaka nyama. Chifukwa chake ndimachimva ndithu. Ned ankakumbukira ana a Rhaegar, mwana wa mfumu yakale, amene anaphedwa pamene Robert ankalanda ufumu, ndipo sankafuna kuti magazi a ana akhetsedwenso. Pamenepo sindimutsutsa. Koma tsiku limenelo ana ake enieni, Sansa ndi Arya, anali adakali m'linga la mfumu lomwelo, pakati pa asilikali a banja la Lannister, akwawo kwa Cersei. Alonda amene anabwera nawo anali 50 okha, ndipo 20 anali atawatumiza ndi msilikali wina, Beric Dondarrion, kukasaka Gregor Clegane, msilikali wankhanza wa a Lannister. Bambo wanzeru akanayamba wakweza ana ake sitima, kenako n'kukachitira chifundo ana a mdani.

Zimandikumbutsa malume anga amene ankayang'anira chilimira, khoka lophera usipa, cha bwana wina chakuno ku Makawa. Anagwira siginala, wokopa nsomba ndi nyali, akugulitsa usipa panyanja boti lisanafike padoko. Malume, pokhala munthu wopemphera, anamutengera pambali madzulo n'kumuuza kuti, “Mawa ndikauza abwana, ukonzeke.” Kutacha, injini panalibe, siginalanso kunalibe. Malume anagona tulo tabwino poti sanachite zamseri, koma alovi onse, antchito okoka khokalo, anakhala pamchenga nyengo yonse ya mdima, ana awo akudya nsima ndi mchere.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri pa Ned ndi cha usiku umene Robert anali kutsirizika. Renly, mng'ono wa mfumu, anamulonjeza amuna 100 a malupanga kuti amuchotse Joffrey m'manja mwa mayi ake kusanache. Ned anakana, akuti sangadzutse ana pakama ndi malupanga. Chabwino. Nanga bwanji usiku womwewo analola Littlefinger, msungichuma wa mfumu, kuti akagule alonda a mzinda ndi golide? Chimenecho si chiphuphu kodi? Ndipo polemba mawu otsiriza a Robert, pamene mfumu inatchula Joffrey, iye analemba kuti wolowa ufumu, osamuuza mnzake amene ankafayo. Ndiye tisanene kuti munthuyu sankatha kuchita zamseri. Ankatha, bola dzanja lodetsedwalo likhale la wina. Ned ndi yemwe uja anaphunzitsa ana ake kuti wogamula kuti munthu aphedwe agwire yekha lupanga.

Pa ukazembe ndiye analephereratu. Kwathu kuno nkhoswe ikamapita kukakamba mlandu imayamba yadziwa kuti uyu akufuna chiyani, uyo akuopa chiyani, ndipo ndani angaime nayo zinthu zikavuta. Ned sanadzifunse kuti Littlefinger apindula chiyani akalowa ufumu Stannis, mng'ono wina wa Robert amene Ned ankamuona kuti ndiye woyenera, chonsecho mwiniwakeyo anamuuza maso ndi maso kuti Stannis sakumufuna, ndipo kale anali atamuchenjeza kuti asamukhulupirire. Analowa m'bwalo la mfumu atanyamula kalata ya mawu otsiriza a Robert ija, poganiza kuti chidindo cha malemu chimuteteza. Cersei anangoing'amba anthu onse akuona.

Pali chimodzi chimene ndimamulemekeza nacho. Ali m'ndende anavomera kunama pagulu kuti ndi woukira, pofuna kupulumutsa Sansa. Apo anaika mwana patsogolo pa dzina lake, ngakhale kuti Joffrey anamudulitsabe mutu.

Achemwali, mukadzabwereza bukuli mudzaime pa mutu umene Sansa watsekeredwa m'chipinda pamodzi ndi Jeyne Poole. Bambo a Jeyne, Vayon Poole, anali kapitawo wa panyumba ya Ned, munthu woyang'anira katundu ndi chakudya, wosanyamula lupanga. Anaphedwa tsiku lomwe Ned anagwidwa. Mtsikanayo akungolira, akufunsa za bambo ake, palibe womuyankha, mpaka Cersei akulamula kuti amuchotse n'kumupereka m'manja mwa Littlefinger.