Mafunso Anu: Mawu a Chingerezi Ofanana Zilembo

Funso: Akonzi, ndimasewera Wordle pa foni. Nthawi zambiri ndimapeza zilembo zinayi zomaliza, monga IGHT, koma mwayi wonse umanditheratu ndisanapeze chilembo choyamba. Kodi mawu otere alipo angati, ndipo ndingawasiyanitse bwanji msanga?

Yankho: Masewerawa, amene anayambitsa Josh Wardle ndipo nyuzipepala ya The New York Times inawagula mu 2022, amakupatsani mwayi kasanu ndi kamodzi kokha woti mulosere liwu lobisika la Chingerezi la zilembo zisanu. Mawu odziwika a zilembo zisanu othera ndi IGHT alipo asanu ndi atatu, ndiye mukamaponya limodzilimodzi mukungochita juga.

Light ndi kuwala, komanso chinthu chopepuka. Night ndi usiku, fight ndi ndewu, sight ndi kupenya, tight ndi chothina. Might ndi mphamvu, koma m'chiganizo monga it might rain limatanthauza "mwina". Right lili ndi matanthauzo atatu: kumanja, cholondola, ndi ufulu. Lomaliza ndi eight, nambala 8, lomwe ambiri amaliiwala chifukwa silimveka ngati anzakewo. Palinso bight, gombe la nyanja lopindika, koma ili silipezeka wamba.

Chochita n'chakuti muleke kaye kulosera yankho. Tayani mwayi umodzi mwadala pa liwu lonyamula zilembo zoyambira zingapo nthawi imodzi. Lembani forms: muli F, R, M ndi S, ndiye mwayesa fight, right, might ndi sight pakamodzi. Chimodzi chikasanduka chobiriwira kapena chachikasu, kusonyeza kuti chilimo m'liwu lobisikalo, yankho mwalidziwa. Zonse zikakhala zotuwa, lembani panel, lomwe lili ndi N, E ndi L. Nazonso zikakana, pa mawu odziwika aja latsala ndi tight basi. Njirayi imafuna kuti mukhale mutatsala ndi mwayi katatu, choncho musayembekezere mzere wachisanu. Dziwaninso kuti siigwira ngati munasankha hard mode, chifukwa kumeneko amakukakamizani kubwereza chilembo chilichonse chimene mwachipeza kale.

Funso: Bwanji cough, rough, tough, dough ndi bough amatchulidwa mosiyana pamene onse amathera ndi OUGH?

Yankho: Kale GH ankaimira phokoso lapakhosi, longa limene limamveka kumapeto kwa liwu la ku Scotland lakuti loch. Phokosolo linatha m'Chingerezi, kwina linasanduka F, kwina linangozimirira, koma kalembedwe kanatsala momwemo. Cough, kutsokomola, amati "kof". Rough, chokhakhala, ndi tough, cholimba, amamveka "raf" ndi "taf". Dough, ufa wokanda wa buledi, limamveka ngati go, pamene bough, nthambi yaikulu ya mtengo, limamveka ngati cow. Apa palibe lamulo loti likuthandizeni. Lowezani liwu lililonse pamodzi ndi lina lomveka nalo chimodzimodzi.

Funso: Ndimaphunzitsa Chingerezi. Ana anga amalemba glass pofuna kunena grass, ndiponso dairy pofuna kunena diary. Kodi limeneli ndi vuto limodzi?

Yankho: Aphunzitsi, amenewa ndi mavuto awiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Loyamba ndi la khutu. M'Chichewa, L ndi R sizisintha tanthauzo la liwu, choncho mwana amazimva ngati chilembo chimodzi. M'Chingerezi zimasiyanitsa galasi ndi udzu. Mawu ena otere ndi play ndi pray, kusewera ndi kupemphera. Flesh ndi fresh, mnofu ndi chatsopano. Bleed ndi breed, kukha magazi ndi kuswana. Flame ndi frame, lawi la moto ndi felemu. Kuwalembetsa kambirimbiri sikuthandiza ngati khutu silinagwire. Yambirani pa lilime: potchula L, nsonga ya lilime imagunda nkhama kuseri kwa mano am'mwamba, potchula R ya Chingerezi, nsongayo imabwerera m'mbuyo osagunda paliponse. Kenako tchulani liwu limodzi mwa awiriwo, ana akweze khadi la L kapena la R. Mphindi zisanu tsiku lililonse ndi zabwino kuposa ola lathunthu kamodzi pamlungu. Kulemba kubwere pambuyo.

Lachiwiri ndi la diso. Dairy ndi diary ali ndi zilembo zomwezo, zangosinthana malo, ndipo diso limathamangira chilembo choyamba ndi chomaliza n'kudumpha zapakati. Mankhwala ake ndi kuwerenga maphatikizo. Dairy, za mkaka, lili ndi maphatikizo awiri, pamene diary, buku lolembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, lili ndi atatu: di-a-ry. Chimodzimodzi quite, ndithu, ndi phatikizo limodzi, koma quiet, chete, ndi awiri. Trail, kanjira, ndi limodzi, pamene trial, kuzenga mlandu kapena kuyesa chinthu, ndi awiri. Ana aziwomba m'manja paphatikizo lililonse asanalembe.

Angel ndi angle sagwidwa ndi njira imeneyi, popeza onse ali ndi maphatikizo awiri. Apo yang'anani chilembo chotsatira G. Chikakhala E, G amafewa n'kumveka ngati J, ndiye mngelo. Chikakhala L, G amalimba, ndiye ngodya ya m'masamu.