Za amayi ndi boti la ku Falls, yankho langa

Achemwali akuti kuntchito sangatsegule voisi, ndiye mwana wanga wailemba momwe ndinayankhulira, muwerenge nonse pano.

Halo achemwali, mwaswera bwanji kumeneko, kuno tili bwino, magetsi angobwera kumene ndiye ndati ndikuyankheni foni isanazimenso. Ndaona funso lanu pa gulupu, loti mukabwera mu Disembala titenge amayi tipite nawo ku Victoria Falls akakwere boti lija la madzulo pa Zambezi poti akukwanitsa zaka 80, ndiye mukufunsa ngati angathe ndi chiuno chija. Angathe, ine ndikuti angathe ndithu, koma osati boti lililonse ayi, ndipo osati kungolipira pa intaneti basi nkumati zatheka.

Paja mukukumbuka chaka chatha mu Okutobala tinapita ndi apongozi anga aamuna, aja anachita sitiroko mbali ya kumanzere, ndiye zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso angawa. Pamadzi penipeni palibe vuto. Mabotiwa amayenda kumtunda kwa mathithi komwe mtsinje ndi wotambalala, madzi ali phee, si za mafunde a mwera a kunyanja kwathu zija ayi, munthu umangokhala pampando maola awiri kapena kupitirirako pang'ono, akukupatsa zakumwa ndi tizakudya, uku ukuona mvuu zikutulutsa timakutu, ng'ona zitagona m'mbali, ife tinaonanso njovu pa kachilumba. Ngakhale tiyi m'kapu satayika. Nkhani yonse ili pokwera ndi potsika, ndi ku chimbudzi, basi.

Imvani mmene zinatichitikira. Kabasi ka kampani ija kanatitsitsa pamtunda, ndiye kuchoka pamenepo kukafika kumadzi panali potsetsereka, dothi ndi mizu ya mitengo, kenako thabwa lolowera m'boti. Tsono Zambezi amadzaza cha mu Epulo ndi Meyi, nkudzaphwa kwambiri cha mu Okutobala ndi Novembala, ndiye madzi akatsika boti nalo limatsika, thabwa lija m'malo mogona limakhala ngati lachita kuimirira. Pafoni anali atatiuza kuti ayi mama musadandaule, wilutcheya imalowa bwinobwino. Kulowa inalowadi, koma anyamata anayi anachita kuwanyamula apongozi ali pampando pomwepo ngati thumba la chimanga, anthu onse m'botimo maso ali pa ife. Anyamatawo sindikuwanena, anali aulemu, anayesetsa. Koma mdala uja sanayankhule mpaka dzuwa kulowa, ngakhale njovu zija sanaziyang'ane bwino. Usiku ndi pamene anauza mwana wawo kuti ine ndagwira ntchito ku njanji moyo wanga wonse ndikukweza katundu wa anthu, lero katunduyo ndakhala ineyo. Iii achemwali, zinandikhudza.

Ndiye amayi mukuwadziwa inu, munthu woti ngakhale potsika mu kombi safuna kugwiridwa mkono ndi hwindi, kondakitala uja. Akanyamulidwa choncho pagulu ndiye kuti tsiku lonse lawonongeka, ndipo nkhani yake tidzaimva mpaka Isitala.

Chimene ndinaphunzira ndi kafunsidwe. Musawafunse kuti kodi okalamba amakwera, aliyense ayankha kuti eya poti akufuna ndalama. Afunseni kuti galimoto imaima patali bwanji ndi boti, pali masitepe angati, thabwa lija lili ndi pogwira mbali zonse ziwiri kapena ayi, kenako muwauze akutumizireni chithunzi kapena kavidiyo pa WhatsApp, kojambula sabata yomweyo, osati kamene anajambula mu Meyi madzi ali tho. Mu Disembala mvula imakhala yayamba koma mtsinje umakhala usanakwere kwenikweni, madzi ake amachokera kutali kumpoto kwa Zambia ndi ku Angola, amatenga nthawi kuti afike, ndiye yembekezani kuti boti likhala pansi ngati mmene tinalipezera ife, nkuwonjezerapo matope mwina. Kampani ikakana kutumiza chithunzi, isiyeni, makampani alipo ambiri kumeneko.

Boti lake likhale lalikulu lija lathyathyathya, loti ukalowa umangoyenda ngati pakhonde. Timaboti ting'onoting'ono tothamanga tija ndi tabwino kwa achinyamata poti timafika pafupi ndi nyama, koma polowa umachita kuponda m'munsi uku kaboti kakugwedezeka, kwa amayi ayi. Akuluakuluwo ambiri ndi osanjikiza, anthu onse amathamangira pamwamba kukajambula dzuwa, masitepe ake opapatiza ngati makwerero. Ife tiwapemphe atisungire tebulo pansi, pafupi ndi khomo, ndiponso atilole tikwere oyamba anthu asanadzaze, potsika tidzatsike omaliza osathamangitsidwa ndi munthu kumbuyo. Dzuwa likulowa limaoneka chimodzimodzi pansi ndi pamwamba, asatinamize.

Tsono chimbudzi, pepani alamu ngati mukumvetsera, koma tinene. Cha m'boti lomwe tinakwera ife chinali kachipinda koti munthu mmodzi amalowa chammbali, pakhomo pali potukuka, wokala ya amayi ija, chitsulo chomwe amagwirira poyenda, siyingalowe, ndipo woti awathandize sangakwanemo. Funsaninso chimenechi, kuti chili pansi kapena pamwamba. Komanso amayi ali pa mapilitsi a bipi aja okodzetsa, ndiye ndikawaperekeza ku kiliniki mwezi uno ndikafunsa anesi kuti tsiku limenelo amwe nthawi yanji, tisasinthe tokha ayi. Apite ku chimbudzi ku loji tisananyamuke, m'botimo amwe madzi pang'onopang'ono, osati kuwakaniza madzi chifukwa kumeneko kumatentha zedi, si kuno ku Harare.

Ndikudziwa chomwe adzanene amayi, adzati ine ndinakwera Ilala inu musanabadwe. Zoona anakwera, nkhani ija amaikonda ya ku Nkhotakota, yoti sitima imaima patali ndiye umayamba walowa m'madzi mpaka m'chiuno, nsalu kumutu, nkukwera kaboti kakang'ono kokakufikitsa pa sitimayo, kenako makwerero. Ilala inayamba kuyenda 1951, amayi ali kamwana, ndiye onse awiri akalamba limodzi, kusiyana kwake ndi koti amayi ali ndi chitsulo m'chiuno. Musatsutsane nawo, ingovomerani kuti eya amayi munakwera.

Amalume ndaona mwalemba kuti bwanji Kariba poti ndi pafupi. Kuyandikira ndi pafupidi, ndi makilomita 360 ndi kanthu kudzera ku Chinhoyi, Karoi nkukhota pa Makuti, pomwe ku Falls ndi pafupifupi 880 kudzera ku Bulawayo. Koma amalume, maboti ogonamo a ku Kariba aja ndi nyumba zosanjikiza, kogona kwina kodyera kwina, kukwera ndi kutsika tsiku lonse, ndipo kuti ukaone nyama kapena kuwedza umatsikiranso mu kaboti kakang'ono komangirira kumbuyo. Maola awiri pa Zambezi tikhoza kuwakonzekera, koma masiku atatu m'boti ndi munthu wa wokala, kutentha kwa ku Kariba kuli apo, chipatala chili kutali, ine ndakana. Kariba mupite inu ndi anzanu a nsomba aja.

Za kayendedwe, ife tinapita pa galimoto ndipo sindingabwerezenso ndi munthu wodwala. Tinagona ku Bulawayo, m'mawa nkupitiriza kudzera ku Lupane ndi Hwange, msewu tinaupeza uli ndi maenje, apongozi anafika miyendo itatupa. Ndege kuchoka kuno ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa. Achemwali inu ndi amene muli ndi mapaundi, ndangonena. Pogula tikiti mulembetse kuti pakufunika wilutcheya, asadziwe tsiku lomwelo, auzeni kukadali masiku awiri kapena kuposa, ndipo mufunse ngati ndegeyo amakwerera pa masitepe poti zing'onozing'ono zambiri ndi choncho.

Kumathithi kwenikweniko ndiye kunandidabwitsa, nkosavuta kuposa boti. Njira ya mbali ya Zimbabwe ndi yokonzedwa, yambiri ndi ya simenti, ife tinakankha wilutcheya kuchoka pageti mpaka pa chiboliboli cha Livingstone, uja anafika pamenepo 1855 nkutcha dzina la mfumukazi yawo, pomwe eni ake ankati Mosi-oa-Tunya kalekale. Malo oonera alipo 16 koma palibe lamulo loti uwamalize onse. Pali pena pafupi ndi chibolibolicho pomwe umatsika masitepe ambiri, pamenepo tidumphe, ndipo ku Danger Point ku mapeto kuja miyala ndi yoterera popanda mpanda, amayi asayandikireko. Akaona Main Falls basi aona zonse, pamenepo madzi sauma chaka chonse, ndipo ubwino wa Disembala ndi woti nthunzi ija siinyowetsa kwambiri ngati mu Epulo pomwe umatuluka ngati wagwera mumtsinje. Ngakhale amayi amayenda ndi wokala, tibwereke wilutcheya ya tsiku limenelo, njira ndi yaitali, akaikana tidzati ndi yonyamulira zikwama, akatopa adzakhalapo okha. Tipite m'mawa dzuwa lisanapse, masana agone, boti ndi cha m'ma 4. Zakudya zikhale m'chikwama, anyani a kumeneko alibe ulemu ndi agogo.

Malungo musaiwale, kuno ku Harare tinazolowera kuti si ambiri koma ku Falls alipo, makamaka nthawi ya mvula, ndipo boti limabwerera nthawi yomwe udzudzu wayamba. Adokotala awaone amayi za mankhwala oteteza poti ali kale pa mankhwala ena, inunso achemwali ndi ana anu a ku Leeds aja. Avale za manja aatali ndi masokosi, nsapato zikhale zotseka zosaterera, osati mapatapata awo aja. Zitupa titenge tonse chifukwa pageti okhala muno amalipira zochepa kusiyana ndi a mapasipoti akunja, ndipo pa boti pamakhala kandalama kena ka a zamapaki, mufunse ngati kali kale mu mtengo omwe akupatseniwo.

Chinanso, gulupu yonseyi takambirana masiku atatu koma amene wawafunsa amayi eni ake ndani? Lamulungu tikatuluka ku CCAP ndipita nawo kunyumba ku Mufakose, ndikawaonetsa kavidiyo ka boti ndimve okha. Ndikawerengeranso mwakachetechete masitepe a pa tchalitchi kuti amakwera angati asanaime kupuma, nambala imeneyo ndi yomwe mukawauze a boti. Dikirani kaye, nyemba zanga zikupserera, iwe tachotsa poto uyo pamoto. Achemwali tiyankhulana Lamulungu madzulo, musalipire kanthu ndisanakuimbireni.