Masewera ndi ulemu wa eni nthaka

Mwafunsa ngati masewera amathandizadi ana a mitundu ya eni nthaka kudzidalira. Ine ndikuti inde, koma si nkhani ya mendulo chabe. Mu 1994, Cathy Freeman, wothamanga wa mtundu wa Aaborijini (eni nthaka a ku Australia), atapambana pa mpikisano wa Commonwealth Games ku Canada, anazungulira bwalo atanyamula mbendera ya Aaborijini pamodzi ndi ya Australia. Akuluakulu ena zinawanyansa. Koma mwana wonyozedwa chifukwa cha khungu lake anaona mtundu wake ukuomberedwa m'manja.

Ondigometsa kwambiri ndi a Haudenosaunee, eni nthaka a ku America ndi Canada, omwenso ndi eni ake masewera a lacrosse (oseweredwa ndi kampira ndi ndodo zokhala ndi ukonde kunsonga). Mu 2010, Britain itakana mapasipoti a mtundu wawo, timu yawo inalolera kuphonya mpikisano wa dziko lonse ku Manchester, m'dzikolo, kusiyana n'kuyenda ndi mapasipoti a America kapena Canada.