Mwa Mfuti Zazing'ono Zachitsulo Zakale, Yopambana Ndi Iti?

Funso: Akonzi, ndimakonda mbiri ya zida za asilikali. Mwa mfuti zazing'ono zakale zopangidwa ndi chitsulo, zimene zimadzilowetsera zokha chipolopolo china zikangowomba, inu mungasankhe iti?

Yankho: Ambiri angathamangire Colt M1911 imene John Browning anaipanga, chifukwa inatumikira asilikali a ku America kuyambira 1911 mpaka 1985, koma imanyamula zipolopolo 7 zokha za .45 (nambala yosonyeza kunenepa kwa chipolopolo). Ife timasankha Browning Hi-Power. Browning anamwalira mu 1926 asanaimalize, ndipo Dieudonné Saive wa kampani ya FN ku Belgium ndi amene anaitsiriza, nkuitulutsa mu 1935 ikunyamula zipolopolo 13 za 9mm, zomwe panthawiyo zinali zochuluka kwambiri. Chodabwitsa nchakuti pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse mbali zonse ziwiri zinaigwiritsa ntchito, popeza Ajeremani analanda fakitale ya FN, pamene kampani ya Inglis inkaipangira asilikali a mbali inayo ku Canada.

CZ 75 ya ku Czechoslovakia, ya mu 1975, imakhala bwino m'manja ndipo sitiinyoza, kungoti mbiri yake ndi yaifupi poyerekeza ndi ziwirizi.