Etsy imatolera msonkho, nanga pa zikwama za pa WhatsApp amatolera ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Malawi amene amakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America. Mwachidule, analemba kuti: "Ndimasoka zikwama, maepuloni ndi timadiresi ta ana ta nsalu ya chitenje, komanso ndimapanga ndolo za mikanda. Zina ndimagulitsa pa Etsy, zina anthu amaitanitsa pa WhatsApp n'kundilipira pa Zelle, ndipo nthawi zina ndimayala tebulo pamisonkhano ya Amalawi. Mnzanga wandiuza kuti poti Etsy imadula kale msonkho, ine ndilibe chovutikira. Kodi n'zoona? Nanga kabizinesi kakang'ono ngati kangaka kamafunanso chiphaso?"

Mayi, mnzanuyo sananame, koma wakuuzani theka la nkhani, ndipo theka limene walisiya ndi limene lingakulipitseni chindapusa. Etsy, womwe ndi msika wa pa intaneti, imasenza msonkho wa katundu amene wagulidwa pa Etsy pokha. Chikwama chimene mwagulitsa pa WhatsApp, kapena epuloni imene munthu wagula patebulo lanu, Etsy siikuzidziwa n'komwe, choncho wotolera msonkho wake ndinu.

Ndisanafike pa msonkho, ndiyambe ndi funso limene simunafunse. M'kalata yanu simunanene kuti mukukhala ku America ndi mapepala amtundu wanji, ndipo sindikufuna kuti mundiuze, koma mudzifunse nokha. Malamulo a zolowa ndi kutuluka amaona kusoka n'kugulitsa ngati ntchito, ngakhale mukusokera kuchipinda kwanu ndipo palibe bwana amene wakulembani. Nzika, munthu wa green card ndiponso amene ali ndi chikalata chomulola kugwira ntchito iliyonse alibe vuto. Koma wophunzira wa viza ya F-1, mlendo wa B-2, kapena amene anatsatira mwamuna kapena mkazi wake pa viza ya H-4 ndipo sanapatsidwe chilolezo chogwira ntchito, akhoza kuwononga mapepala ake chifukwa cha zikwama. Kulipira msonkho mokhulupirika sikusandutsa ntchito yosaloledwa kukhala yololedwa. Ngati muli m'gulu limeneli, kaonaneni kaye ndi loya wa nkhani zimenezi musanalembetse kalikonse.

Tsopano msonkho wogulira zinthu, umene eni ake amati sales tax. Ambirife umatisokoneza chifukwa kwathu tinazolowera VAT, imene imabisala mumtengo wa katundu, komanso imene mayi wogulitsa zitenje pabenchi mumsika wa Limbe saiganizira n'komwe, poti iye akadula tikiti ya khonsolo ya tsikulo wathana nazo. Ku America kulibe msonkho wogulira zinthu wa dziko lonse. Chigawo chilichonse chimakhazikitsa wake, ndipo zigawo zisanu, zomwe ndi Alaska, Delaware, Montana, New Hampshire ndi Oregon, zilibe msonkho wotere wa chigawo chonse. Ku Indiana ndi 7 peresenti, ndipo mwayi wanu ndi wakuti mizinda ya kumeneko siwonjezerapo wake pa katundu ngati wanuyu, pamene ku Chicago, ulendo wa maola awiri okha kuchokera kwanuko, wogula amalipira woposa 10 peresenti chifukwa chigawo, boma laling'ono ndi mzinda aliyense amatapapo.

Chofunika kuchimvetsa bwino n'chakuti ndalama imeneyi si yanu, ndipo siichokera m'phindu lanu. Amalipira ndi wogula, inu mumangoisunga. Ganizirani za msungichuma wa banki m'khonde: ndalama za gulu zimagona m'nyumba mwake, koma tsiku limene watapako kuti agule ndiwo, waba. Lamulo la Indiana limanena zofanana, kuti wamalonda amasungira boma ndalamayo ndipo iye mwini ndi amene adzayankhe ikasowa. Mukagulitsa chikwama cha madola 40, pa lisiti mulembe mtengo wa chikwamacho, m'munsi mwake msonkho wa madola 2.80, ndipo wogula apereke madola 42.80. Madola 2.80 amenewo asakhale m'kachikwama kamodzi ndi ndalama zogulira ulusi. Ine ndimalangiza anthu kutsegula akaunti ina kubanki n'kumaponyamo ndalama ya msonkho tsiku lomwelo, chifukwa ndalama imene ukuiona tsiku ndi tsiku imayamba kuoneka ngati yako.

Nanga zinatheka bwanji kuti Etsy izikutolererani? Kwa zaka zambiri, potsatira chigamulo cha mu 1992 pa mlandu wa kampani ya Quill, chigawo sichinkatha kukakamiza wamalonda kutolera msonkho ngati analibe sitolo, nyumba yosungiramo katundu kapena wantchito m'chigawocho. Malonda a pa intaneti atakula, zigawo zinaona kuti ndalama zambiri zikuzidutsa. Pa 21 June 2018, Khoti Lalikulu Kwambiri la ku America linagamula mlandu wa pakati pa chigawo cha South Dakota ndi kampani ya Wayfair, n'kuthetsa lamulo lakale lija. Kuchokera pamenepo zigawo zinayamba kupanga malamulo okakamiza misika ya pa intaneti monga Etsy, eBay ndi Amazon kuti izitolera ndi kupereka msonkho m'malo mwa ogulitsa ang'onoang'ono, ndipo ku Indiana lamulo limeneli linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2019. N'chifukwa chake munthu wa ku Ohio akagula ndolo zanu pa Etsy, msonkho wa ku Ohio umawonjezedwa pa kompyuta pomwepo ndipo inu simuugwira n'komwe. WhatsApp ndi Zelle si misika yotere. Ina ndi njira yolankhulirana, ina ndi njira yotumizirana ndalama, ndipo palibe imene imawerengera boma kalikonse.

Chigamulo cha Wayfair chinaopsa anthu ambiri osoka ndi osema, poganiza kuti azilembetsa m'zigawo zonse kumene atumiza katundu. Musataye nazo tulo. Zigawo zambiri zimayamba kufunsa munthu wakunja akagulitsa katundu wa madola 100,000 pachaka m'chigawocho, ndipo California ndi Texas zimayambira pa madola 500,000. Zina zimawerenganso kuchuluka kwa malonda, monga 200 pachaka, ngakhale kuti zambiri zikusiya njira imeneyi. Choncho mlongo wathu wa ku Dallas akaitanitsa chikwama pa WhatsApp inu n'kuchitumiza pa positi, simutolera msonkho wa Indiana chifukwa katunduyo watuluka m'chigawo, ndipo wa Texas simunafike pomwe mungautolere. Koma malire amenewa ndi a alendo okha. Kwanu ku Indiana, kumene makina anu osokera ali, kulibe zoti bizinesi ndi yaing'ono: munthu amene amapanga zinthu n'cholinga chogulitsa amatolera msonkho kuyambira pa dola yoyamba.

Apa ndi pamene funso lanu la chiphaso likulowera. Indiana ilibe chiphaso chimodzi cha bizinesi chimene aliyense amayenera kukhala nacho, koma aliyense wogulitsa katundu kwa ogula amafunika chikalata chotchedwa Registered Retail Merchant Certificate. Mumalembetsa pa intaneti kudzera pa INBiz, tsamba la boma la Indiana lolembetsera mabizinesi, mtengo wake ndi madola 25, chimagwira ntchito zaka ziwiri, ndipo chimawonjezedwa chokha ngati mulibe ngongole ya msonkho ndiponso mwatumiza mafomu onse. Mukalembetsa, nthambi yotolera misonkho ya chigawo imakuuzani nthawi yotumizira fomu ya ST-103, yonena msonkho umene mwatolera, pa tsamba lake la pa intaneti la INTIME. Mawu amodzi pano, chifukwa ambiri amagwera pomwepa: fomuyo imatumizidwa ngakhale pa nyengo imene simunagulitse kalikonse. Mumalemba ziro n'kutumiza. Mukangokhala chete, boma siliganiza kuti malonda anavuta, limaganiza kuti mwabisa.

Chikalatachi chili ndi ubwino wake, ndipo kwa munthu wosoka ndi waukulu ndithu. Mukakhala nacho mumatha kudzaza fomu ya ST-105 n'kuipereka kwa amene mumaodako nsalu, zipi, mikanda ndi ulusi, kuti asakulipitseni msonkho pa zinthu zimene zikalowe m'katundu wogulitsa, poti msonkhowo adzalipira ndi wogula womaliza. Koma samalani. Tinene kuti mwaoda nsalu ya mayadi 12 popanda msonkho, ndiye pamene mukuidula mwaikonda, n'kudzisokera diresi lovala kuchinkhoswe cha mwana wa achimwene. Mayadi amene mwavala inuwo sanagulitsidwe, choncho muyenera kuwalipirira nokha 7 peresenti ija, imene pamenepa amaitcha use tax. Ndi kandalama kochepa, koma ndi tinthu totere timene ofufuza mabuku amayambira.

Za dzina la bizinesi sizitenga nthawi. Ngati mukugulitsa m'dzina lanu lenileni, palibe cholembetsa. Ngati mwaipatsa dzina lina, lembetsani dzinalo ku ofesi ya Recorder, yosunga zikalata, ya St. Joseph County, boma laling'ono limene muli South Bend. Anthu adzakuuzani kuti mutsegule LLC, mtundu wa kampani yolembetsedwa yoima payokha, koma pa msinkhu wanuwu sindikuona chothamangira, chifukwa LLC siichotsa msonkho uliwonse umene tikukamba pano. Mufunsenso ku ofesi ya mzinda za malamulo ochitira bizinesi panyumba, ndipo ngati mumachita lendi muwerenge pangano lanu ndi eni nyumba.

Tebulo lija lili ndi nkhani yakeyake. South Bend ili pafupi kwambiri ndi malire a Michigan, ndipo zochitika zina za Amalawi zikhoza kuchitikira tsidya linalo, ku Niles kapena ku Berrien Springs kumene kuli Andrews University. Mukanyamula zikwama n'kukayala tebulo kumeneko, simulinso wotumiza katundu muli kutali, mwapondamo ndi mapazi anu, ndipo chikalata cha Indiana sichigwira ntchito. Msonkho wa Michigan ndi 6 peresenti, ndipo chigawocho chili ndi fomu yapadera ya anthu ogulitsa pa chochitika chimodzi kapena ziwiri pachaka. Ndinaonapo pa tebulo lina mayi akuchita manyazi kuuza mnzake wa kumpingo kuti awonjezere msonkho, mnzakeyo atanena moseka kuti, "Aa, asisi, mpaka msonkho ngati tili m'sitolo ya azungu?" Mayiyo anangoseka n'kulandira ndalama yosakwana. Manyazi amenewa ali ndi mtengo wake: mukagulitsa katundu wa madola 3,000 pachaka ku Indiana osatolera kanthu, madola 210 adzachoka m'thumba mwanu, kuwonjezapo chindapusa ndi chiwongoladzanja. Lembani kachikwangwani konena kuti mitengo ikuwonjezeredwa msonkho, muike patebulo, kuti pepala likulankhulireni.

Zonsezi ndi za ndalama ya wogula. Palinso msonkho wa phindu lanu, umene Etsy siikhudza ngakhale pang'ono, ndipo ndikuganiza kuti apa ndi pamene mnzanu uja anasokoneza zinthu kwambiri. Phindu la bizinesi limalembedwa pa fomu ya Schedule C potumiza mafomu a msonkho ku IRS, nthambi yotolera misonkho ya boma lalikulu, pofika pa 15 April. Likafika madola 400 pachaka, mumalipiranso msonkho wa anthu odzilemba okha ntchito, wa 15.3 peresenti, umene umapita ku Social Security ndi Medicare, mathumba a boma a penshoni ndi a zachipatala za okalamba. Tinene kuti mwagulitsa katundu wa madola 6,000, ndipo nsalu, positi, masenti 20 amene Etsy imadula poika chinthu pamsika ndi 6.5 peresenti imene imadula chikagulidwa, zonse pamodzi zadya madola 3,500. Phindu lanu ndi madola 2,500, ndipo msonkho wa odzilemba okha ntchito ukhala madola 350 ndi kanthu, musanawerengere msonkho wamba wa boma lalikulu, wa Indiana ndi wa St. Joseph County. Ena amadikira fomu ya 1099-K, imene misika ngati Etsy imatumiza posonyeza ndalama zimene wogulitsa walandira, poganiza kuti ikapanda kubwera ndiye kuti palibe cholemba, komanso amadalira zoti Zelle situmiza fomu imeneyi. Fomuyo ndi uthenga chabe wodziwitsa boma. Udindo wolemba ndalama zonse zimene mwapeza ulipo ngakhale isabwere. Ubwino wake ngwakuti lisiti iliyonse imene mwasunga imatsitsa phindu lowerengeredwa msonkho, choncho ngakhale achemwali anu akakugulirani zitenje ku Lilongwe, awapemphe ogulitsawo kuti alembe kapepala, kapena inu musunge umboni wa ndalama imene munatumiza.

Timadiresi ta ana tija ndi timene tikundidetsa nkhawa kuposa zikwama. Kuyambira mu 2008, lamulo la America loteteza ogula limafuna kuti chinthu chopangira ana a zaka 12 kapena kucheperapo chikhale ndi chikalata chotsimikiza kuti n'chosaopsa, komanso kachizindikiro kosonyeza amene anachipanga ndi nthawi imene chinapangidwa. Mabatani, zipi ndi mikanda ndi zimene amaziyang'anitsitsa chifukwa cha mtovu. Bungwe la boma loona za chitetezo cha katundu, la CPSC, lili ndi kaundula wa opanga zinthu zochepa amene amawapeputsirako zina, koma sawachotsera zonse. Ndikanakhala inu ndikanayamba ndaimitsa zovala za ana mpaka nditawerenga malamulo amenewa bwinobwino.

Pomaliza pali malonda amene munachita kale musanadziwe zonsezi. Musawakwirire. Tsegulani Zelle ndi mauthenga a pa WhatsApp, mulembe m'kope tsiku, katundu, mtengo ndi kumene wogula analandirira, kenako musiyanitse za ku Indiana, za ku Michigan ndi zotumizidwa kutali. Indiana ili ndi ndondomeko yolandira anthu amene adziulula okha boma lisanawapeze, ndipo otere amapeputsiridwa chindapusa. Tengani kopelo mupite nalo kwa akauntanti, kapena ku Indiana Small Business Development Center, kumene amalangiza amalonda ang'onoang'ono kwaulere, ndipo mupite musanalembetse pa INBiz, chifukwa fomu yolembetsera idzakufunsani tsiku limene munayamba kugulitsa.