Madzi a m'zimbudzi kuwabwezera pansi pa nthaka, ndi uve kodi?

Wina wandilembera imelo, akuti wamva zoti mizinda ina ikumayeretsa madzi ochokera m'zimbudzi n'kuwabwezera pansi kuti anthu adzamwe, ndiye akufunsa ngati umenewu si uve. Anzanga, funso lanuli landifika pamtima.

Komwe ndinkakhala kale tinali ndi mjigo umodzi, chaka ndi chaka madzi ankatsikirabe, amisiri ankabwera kudzawonjezera mapaipi ife n'kumasonkha ndalama, mpaka tsiku lina unangoyamba kutulutsa matope kenako zii. Tinkadzuka pakati pa usiku kukaima pamzere kwina, ana kumapita kusukulu osasamba, anthu ogwirizana kale kumatukwanizana chifukwa cha ndowa imodzi. Mpaka lero ndikaona mpopi ukudontha mtima umandiwawa. Madzi apansi ndi mvula imene inalowa mumchenga ndi m'miyala kwa zaka zambirimbiri, mukamapopa ambiri kuposa olowa amatha basi, ndipo mzinda ukakhala m'mbali mwa nyanja yamchere, mcherewo umalowerera m'zitsime.

Ku Orange County ku California, m'dziko la America, anakumana nazo zimenezi. Kuyambira 2008 akuyeretsa madzi otayidwa, pano amatha kufika malita pafupifupi 490 miliyoni patsiku, okwanira anthu 1 miliyoni. Amayamba ndi sefa ya timabowo tosaoneka ndi maso, kenako sefa ina yothina kwambiri yotchedwa reverse osmosis yochotsa mchere, mavairasi ndi mankhwala, pomaliza kuwala kopha tizilombo kwa UV ndi mankhwala oyeretsera otchedwa hydrogen peroxide. Ena amawapopera m'zitsime za kufupi ndi gombe kuti atchinge mchere uja, ena amawathira m'maiwe mumzinda wa Anaheim kuti azilowa okha pansi.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti amene amati "aaa zonyansa" amamwa madzi a mumtsinje womwe tauni ya kumtunda imatayiramo zonyansa zake, osadandaula n'komwe! Ku Toowoomba ku Australia anthu anakana madzi oyeretsedwanso pa voti mu 2006 chilala chili pakhosi, pomwe ku Windhoek ku Namibia akhala akumwa madzi otere kuyambira 1968. Ine ndiye sindibisa, mzinda wongopopa osabwezera ukubera ana ake.

Ndiye mumwe kapena ayi?

Imwani, bola mufunse kaye kuti amawayeza ndani, kangati, zotsatira zake amazionetsa poyera kapena ayi, komanso makina akalakwitsa amatseka pompo? Akamazemba mafunso amenewa, pamenepo ndiye mukane.